Ana a Ba Dokota Mussa

Ba Dokota Wilbroad Mussa anamwalira m'mawa wa Lachiwiri, nsapato imodzi ili kuphazi, inayo ili m'manja. Ankakonzekera kupita kuchipatala kumene munthu wa chotupa m'mimba ankawadikira, mtima wawo n'kungoima osatsanzika aliyense. Mkazi wawo, Philomena, atalowa ndi tiyi anawapeza atatsamira pampando ngati akuganiza, ndipo anayamba wawakalipira kaye kuti minibasi ziwasiya. Anakalipa ndithu kwa kanthawi asanazindikire kuti akuyankhula yekha.

M'Matero monse, komboni ya mu Lusaka, munalibe amene sankawadziwa. Bambo awo anachokera ku Nyasalande atasenza makina osokera, n'kukhala telala pakhonde la sitolo ina m'tauni. Mwanayo anaphunzira mpaka kukhala dokotala wa opaleshoni, ndipo anthu ankati ntchito ndi yomweyo, changosintha ndi nsalu. Anzawo a ntchito atasamukira kumayadi, iwo anakakamira nyumba ya makolo, ati kumayadi ngakhale agalu amauwa m'Chingelezi. Zaka zimenezo kwacha inali itafooka ngati nkhuku ya chitopa. Unga, sopo, saladi wophikira, zonse zinali za pamzere, ndipo madokotala ankasowa mmodzimmodzi, ukafunsa n'kumva kuti ali ku Botswana. Ba Dokota anatsala. Popeza anatsala, chilichonse chofuna mpeni chinkagwera iwo: matumbo opotana, miyendo yothyoka, amayi olephera kuchira pobereka, ndi zidakwa zong'ambana ndi mabotolo mwezi ukatha.

Koma munthu yemweyo kunyumba sankatha kupha nkhuku. Ankaigwira, kuiyang'ana m'maso, n'kuipereka kwa mkazi wawo. "Iyi sikudwala, Amake Ketty. Ndiidulirenji?" Galimoto yawo inafera pabwalo chifukwa chosowa zitsulo zosinthira, n'kukhala pa njerwa mpaka nkhuku zomwezo zinayamba kuikira mazira pampando wa dalaivala. Lamlungu akabwera ku Misa ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala ndi singano, kusoka mayunifolomu a ana awo atatu, Ketty, Robert ndi Dingani. Msoko wawo unali waung'onoung'ono, wowongoka, koma kumapeto kwake unkapendekera kumanzere nthawi zonse. Kabudula wa Robert ankatha nsalu yonse kumatako, msoko wa bambo ake uli chilili.

Maliro anakhala pakhomo pomwepo. Mipando anaitulutsa panja, amuna anakhala pansi pa tenti, amayi anadzaza pabalaza, ndipo Philomena anamukhazika pa matiresi pakona atafunda chitenge kumutu. Mnzake wa kutchalitchi, Felistus, anakhala pambali pake ngati mlonda.

"Wamasiye sayendayenda, sakambakamba," anamuuza Felistus. "Ukafuna chinthu, unitsine chabe."

Misozi inali isanabwere bwinobwino. Philomena ankangomva ngati wina wamutsekera m'kabati n'kupita ndi makiyi.

Ba Cephas, akulu awo a malemu, anafika kuchokera ku Kabwe kumene ankagulitsa matayala akale. Analira mokweza kuyambira pageti, ndipo polowa m'nyumba diso limodzi linkatulutsa misozi pamene linalo linkayeza filiji.

Tsiku lachiwiri masana, amayi a kwaya akupumira, kunamveka kulira kwachilendo kuchokera kumsewu. Anali mayi wojintcha, wa mawu a pamsika, akukoka kamnyamata kovala malaya otalika kufika m'mawondo.

"Ba Dokota ine! Mwanisiyila ndani ine! Ndimwe munanipasa mwana uyu, manje nizachita naye bwanji!"

Atafika pakhomo anakankhira kamwanako kutsogolo.

"Wilbroad, gwada! Lila batate bako!"

Philomena anatsegula chitenge pang'ono n'kusuzumira ndi diso limodzi. Kamwanako kanali ndi chipumi. Ba Dokota nawonso anali ndi chipumi. Theka la Lusaka lili ndi zipumi, anadziuza yekha, koma mtima sunamve.

Felistus anamugwira bondo. "Khala zii. Tizakamba tikaika."

Amayi asanamalize kunong'onezana, panafikanso wina, wowonda, wa ku Chawama. Uyu anabwera ndi ana awiri, ndipo powalangiza kuti avule nsapato zinamveka bwino kuti wamkulu ndi Wilbroad, wamng'ono ndi Wilbroad. Kenako wa ku komboni ya George anafika ndi kamtsikana ka tsitsi lomanga ndi ulusi, dzina lake Wilbroda. Pamene dzuwa linkapendeka, ana otere anali atadzaza benchi, ndipo mayi aliyense polira ankanena zofanana: Ba Dokota ndiwo anamupatsa mwanayo.

Ba Cephas poyamba anapukusa mutu. Koma benchi itadzaza, chifuwa chawo chinayamba kutukuka. Philomena ankawamva pawindo akuuza amuna a m'tenti.

"Mng'ono wanga ameneyu! Kuoneka wofatsa ngati nkhunda, kani pansipansi ali pa ntchito. Magazi a kwa Mussa sagona, amuna inu."

Analamula kuti anawo adye poyamba, popeza nawonso ndi amasiye. Kenako anatsitsa mawu, koma osati kwambiri, n'kunena kuti poona mmene zinthu zakhalira, katundu yense wa m'nyumba ayenera kukasungidwa ku Kabwe mpaka banja lidziwe kuti ana alipo angati.

Ketty, mwana woyamba, anakwawa ndi mawondo kufika pa matiresi, maso ali psu.

"Amama, mwaona? Batate sangachite izi. Sangachite!"

"Pita ukathandize anzako kutsuka mbale," anatero Philomena.

Koma pansi pa chitenge mutu wake unali pa ntchito. Anakumbukira maulendo onse amene munthu ankagogoda n'kunena kuti Ba Dokota akufunidwa kuchipatala, iye n'kudzuka kuwasitira chovala choyera chija, n'kuwakulungira mbatata m'pepala. Kani ndinkasitira akazi anzanga, anatero mumtima. Komano nthawi ankaipeza kuti? Munthu wake anali woti amagona ali pakati pa pemphero la chakudya, banja lonse n'kumadikira ameni. Bodza sankalitha. Tsiku lina anamugulira nsalu kuti amudzidzimutse pa Khirisimasi, n'kuulula asanalowe n'komwe pageti. Koma benchi inali apo, ndipo benchi sinama.

Chimene chinamuwawa koposa chinali dzina. Robert atabadwa, iye anapempha kuti mwanayo atchedwe Wilbroad. Ba Dokota anakana. "Dzina limeneli n'lolemera, mwana angapindike nalo khosi." Lero ndi ili, analigawa m'makomboni onse ngati masiwiti.

Anamutsina Felistus mpaka Felistus anadumpha.

"Ndiitanire woyamba uja. Kuchipinda."

"Iwe, mwambo suvomela."

"Mwambowo ukhale pa matiresipa undidikire."

Anadzuka, amayi onse akumuyang'ana, n'kulowa kuchipinda. Posakhalitsa mayi wojintcha uja analowa, fungo la kapenta likumutsogolera, n'kugwada pafupi ndi chitseko. Philomena anatseka.

"Dzina lanu ndani?"

"Ndine Mainess, Amama. Nigulisa kapenta ku Kanyama."

"Amuna anga munadziwana nawo kuti?"

"Pa tebulo, Amama."

Philomena anakhala pabedi. "Pa tebulo."

"Ee. Bananigoneka pa tebulo, malaiti yanazima, koma beve banati osayopa, tizasiliza chabe."

"Ndipo mukundiuza ine mkazi wawo, maso muli gwa?"

"Nanga nibise chani, Amama? Kanyama yonse iziba. Ine kanali kamozi chabe. Ba Ida baja ba ku Chawama ndiye kawili."

"Kawiri!"

"Manja yao, Amama. Munthu wa manja monga baja sazapezekanso."

Philomena anaimirira n'kuyamba kufunafuna ndi maso chinthu cholemera. Dzanja lake linagwera pa simbi yositira. Mainess ataona nkhopeyo anaganiza kuti mayiyo sakukhulupirira.

"Muganiza ninama? Onani mweka."

Anamasula chitenge n'kutsitsa siketi pang'ono. Kuchokera pamchombo kutsika kunali chipsera chachitali, chowongoka, cha timadontho ting'onoting'ono mbali zonse. Kumapeto kwake chinapendekera kumanzere.

Philomena anaika simbi pansi. Anawerama, kuyang'anitsitsa, n'kukhudza ndi chala.

"Kabudula wa Robert," anatero.

"Amama?"

Kuseka kunayambira m'mimba. Anayesa kukutsekera ndi chitenge koma kunatulukira m'mphuno, kenako kunaphulika. Anagwera pabedi akukuwa, akumenya pilo. Amayi a pabalaza atamva phokosolo kuseri kwa chitseko anayang'anana. "Wayamba kulila manje, mayi wosauka," anatero wina, ndipo onse anamuthandiza. Nyumba inagwedezeka ndi kulira. Kwaya inayambitsa nyimbo ya maliro, amuna a m'tenti anavula zisoti. Philomena akamva akulira iye amaseka kwambiri, iye akaseka iwo amalira kwambiri, mpaka penapake kusekako kunatembenuka kokha. Misozi imene inakana kubwera kuyambira Lachiwiri inabwera yonse, ndipo anailirira paphewa la mayi wonunkha kapenta amene anafuna kumuponya simbi.

Atatonthola, Mainess anamufotokozera. Chaka chimenecho Kanyama inamira ndi mvula. Matenda a uchembere atamuyamba, galimoto sizinkalowa m'komboni, ndipo anamutulutsira kumsewu pa wilibala. Mwana anali atapingasa. Mwamuna wake anali atapita ku migodi ya ku Kopabeloti kukafuna ntchito, kupita kwake komweko mpaka lero. Kuchipatala magetsi anazima opaleshoni ili pakati, Ba Dokota n'kumaliza nesi atawaunikira ndi tochi. M'mawa nesi anafunsa dzina la mwana ndi la bambo ake.

"Ninati tate wake ni uja wamuchosa. Winayo ninamuziba chabe. Nesi anakana kulemba, koma zina ninapasa."

"Ndi enawo chimodzimodzi?"

"Bonse. Tikumana ku sikelo, timazibana. Ukamva mayi aitana Wilbroad, uziba kuti uyu ni wa pa tebulo."

Kenako Mainess anatulutsa m'chikwama kansalu kopindidwa bwino, koyera, ka maluwa obiriwira m'mphepete.

"Sininali na chofundika mwana. Banang'amba aka banipasa. Nabwela nako kuti tiike nako m'bokosi."

Philomena anakalandira n'kukatambasula. Anakadziwa pomwepo. Kanali kachidutswa ka mashiti a pabedi a paukwati wake, amene anasowa pachingwe choyanikira zaka zapitazo. Anatemberera akuba a m'Matero mwezi wathunthu, amuna ake akumuthandiza kudandaula, akupukusa mutu, akuti dziko laipa.

"Kani bodza ankalitha," anatero, akupukuta maso ndi kansalu komweko.

Atabwerera pa matiresi ananong'oneza Felistus. Felistus anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, n'kunong'oneza wapafupi. Nkhaniyo inazungulira pabalaza, inatulukira kukhitchini, inafika kwa Ketty kumbale, amene anagwetsa poto. Pofika madzulo mayi aliyense pamaliropo ankaidziwa. Amuna palibe anawauza.

"Ba Cephas tibauze?" anafunsa Felistus.

"Asiyeni," anatero Philomena. "Akondwa."

M'mawa mwake, itatha Misa, anthu anapita kumanda a ku Chingwere pa malole obwereka. Khamulo linali lalikulu moti ogulitsa chimanga chowotcha pamsewu anafunsa ngati wamwalira ndi nduna. Ba Cephas, mu suti yofiirira yothina m'khwapa, ndiwo ankayendetsa mwambo. Manda atakwiriridwa anaitana wamasiye kuti aike maluwa. Philomena anaika, Felistus atamugwira mkono. Anaitana ana a m'nyumba, ndipo Ketty, Robert ndi Dingani anaika awo. Kenako Ba Cephas anatsokomola, anayang'ana wansembe, n'kukweza dzanja.

"Abale, munthu ndi munthu. Mng'ono wangayu anali wa Mulungu, koma analinso mwamuna. Ife a kwa Mussa sitibisa magazi athu. Alamu, mutikhululukire. Ana a kunja nawonso abwere aike maluwa."

Ankayembekezera a pabenchi aja. Koma mbiri ya maliro inali itafika ku Kalingalinga, ku Mtendere, mpaka ku Bauleni. Anthu anayamba kudzuka mbali zonse. Kunabwera tiana toyenda dededede, ana a sukulu mu mayunifolomu a mitundumitundu, makanda kumsana kwa amayi awo, ndi mnyamata wa ndevu amene Robert anamuzindikira kuti ndi kondakitala wa minibasi za ku Chunga. Ba Cephas anayamba kubwerera m'mbuyo mpaka anaponda manda a munthu wina. Kumapeto kwa mzerewo kunkabwera nkhalamba ya imvi mbuu, ikutsimphina ndi ndodo, duwa limodzi m'manja.

"Inu madala, mukupita kuti? Taitana ana."

"Ndine mwana."

"Mwana wa ndani? Inu mukuposa malemu, mukuposa ndi ine yemwe!"

"Kale nenze Ngosa," inatero nkhalambayo mosafulumira. "Banang'amba apa, banachosa chinthu monga papaya. Pamene ninauka ninauza mukazi wanga kuti Ngosa afela pa tebulo, uyu wauka ni Wilbroad. Mufuna kuona?"

Sinadikire yankho. Inapatsa mwana wina ndodo n'kukweza malaya. Bambo wina kumbuyo anakweza akenso. Wina anapinda buluku kuonetsa mwendo. Posakhalitsa theka la amuna pamandapo linali mimba pamtunda, kulozerana, kutsutsana kuti chipsera cha ndani n'chachitali, pamene amayi ankangodzisisita pamimba pamwamba pa zitenge. Wansembe anabisa nkhope m'buku la mapemphero, mapewa akugwedezeka. Ketty anayandikira Ba Cephas n'kuwanong'oneza pang'ono.

Ba Cephas anakonza kolala ya suti yawo.

"Ndimadziwa," anatero. "Ine ndimadziwa kalekale. Ndimangofuna kuti aliyense aike maluwa."

Apa ndi pamene manda onse anaseka, kuseka kwa anthu amene alira mokwanira. Philomena sanaseke. Ankayang'ana anawo akudutsa mmodzimmodzi, aliyense kuika kaduwa kake kothyola pampanda wa eni, mpaka dothi lofiira lija silinaonekenso.

Banja litakhala pansi tsiku lotsatira kukambirana za katundu, Ba Cephas anayamba bwino. Anatchula filiji, anatchula bedi, anali pafupi kutchula nyumba. Kenako anayang'ana pawindo. Pabwalo panali Mainess, Ida ndi amayi ena a m'misika, atakhala chete pansi pa mtengo wa mapeyala, manja atapinda pachifuwa. Palibe anawaitana ndipo palibe chimene ananena. Ba Cephas anatsokomola n'kunena kuti iwo si munthu wokonda zinthu. Anakwera basi ya ku Kabwe ndi jekete limodzi ndi wailesi yosowa mabatire.

Moyo sunafewe. Penshoni ya malemu inkayenda ngati bilimankhwe m'maofesi, ndipo mitengo ya zinthu inkakwera munthu akadali pamzere. Mainess ndiye anaphunzitsa Philomena malonda: kumene amagula kapenta wa thumba, mmene amamuuzira madzi pang'ono kuti aoneke wonenepa, mmene amayankhira kasitomala wamwano. Mkazi wa dokotala anaika tebulo pageti, ndipo sanachite nazo manyazi. Loweruka lililonse pabwalo pankafika mayi wina ndi mwana, atanyamula mpiru kapena tomato pang'ono, kudzaona Amama.

Mvula itayamba, Wilbroad wa Mainess ankalandira Ukalistia koyamba, ndipo Philomena anaitanidwa ku Kanyama. Anali asanapondeko chibadwire. Minibasi inamutsitsa pamene msewu unathera, kutsogolo kuli madzi okhaokha ndi miyala yoponda. Anavula nsapato, anakweza chitenge, n'kuyamba kuoloka pakati pa nyumba.

"Wilbroad!"

Anaima m'madzimo n'kutembenuka, ngati kuti angaone munthu wamtali wa chipumi akubwera ndi chikwama. Kunadutsa kamnyamata kopanda malaya, kakuthamangitsa bakha.

"Wilbroad, galu iwe! Chimutu monga mphika! Bwelesa ndowa!"

Wokuwayo anali mayi wachitsikana, ataima pakhomo la nyumba ya chipinda chimodzi, manja m'chiuno. Philomena anasiya njira yake, anaoloka kulunjika pakhomopo, madzi akufika m'akakolo.

"Mwana wanga, ameneyo ndi wa pa tebulo?"

Mayiyo anadabwa. "Ee, Amama. Mwaziba bwanji?"

"Ndine mkazi wa mwini dzina. Mwanayo mumukalipire mmene mufunira, ndi wanu. Koma mukafuna kunena za galu, muyambe mwamupatsa dzina lina."

Mayiyo anagwada pakhomo pomwepo, akuomba m'manja, akupepesa. Anathamangira m'nyumba kukatenga kampando, anaitana aneba kuti adzaone, anatuma mwana kukagula fanta. Philomena anakana kuti akuchedwa kutchalitchi, koma anali atamukhazika kale, wina akumutsuka mapazi. Kamnyamata kaja kanabwera ndi ndowa, kakumuyang'ana mwamantha. Philomena anakaitana, anakapukuta matope pachipumi ndi nsonga ya chitenge, n'kukafunsa ngati kanayamba sukulu.